Kalata kwa oyang'anira maphunziro a zaubusa: mupatseni malo Arsenios wa ku Constantinople

Olemekezeka aphunzitsi aakulu, abusa ndi ansembe amene mumakonza zoti ana athu aziphunzira m'masukulu a zaubusa ndi m'maseminale,

Landirani moni m'dzina la Ambuye. Ine ndine mkhristu wamba, wopanda kolala pakhosi, kungoti ndimakonda kuwerenga mbiri ya mpingo. Ndabwera ndi pempho limodzi lokha. Pa nthawi yonse imene mwana amakhala m'manja mwanu, pezani sabata imodzi yoti akhale pansi ndi nkhani ya Arsenios Autoreianos, amene anakhala patiriyaki (mkulu wa aepiskopi mu mpingo wa kum'mawa) wa ku Constantinople kawiri, nachotsedwa, nakafera pa chilumba m'chaka cha 1273.

Mbiri ya mpingo ikamaphunzitsidwa kuno kwathu, nthawi zambiri mpingo wa kum'mawa umathera pa 1054. Kadinala Humbert, nthumwi ya papa, wasiya chikalata chodula patiriyaki Michael Cerularius paguwa la Hagia Sophia, tchalitchi chachikulu cha ku Constantinople, Cerularius wabweza, basi tatseka buku, tathamangira ku Roma, kenako ku Wittenberg kukachingamira Luther mu 1517. Zimakhala ngati Akhristu a kum'mawa anagona tulo zaka mazana anayi ndi theka. Chonsecho mpingo wa Orthodox uli pakati pathu lero, ku Malawi ndi ku Zambia komwe, pansi pa patiriyaki wa ku Alexandria, ndipo m'busa wathu akhoza kukhala benchi limodzi ndi wansembe wawo pamaliro osadziwa ngakhale dzina limodzi la makolo awo. Koma chifukwa changa chachikulu si chimenecho ayi. Nkhani ya Arsenios ili ndi funso limene m'busa aliyense adzakumana nalo, ndipo ilibe yankho lokoma. N'chifukwa chake ndikuifuna m'kalasi.

Ndiloleni ndiifotokoze, popeza ena mwa owerenga kalatayi mwina ndi koyamba kumva dzinali.

Mu 1204 ankhondo a mtanda ochokera kumadzulo, Akhristu anzawo, analanda mzinda wa Constantinople naufunkha. Akuluakulu a Chigiriki anabalalika, ndipo banja la Laskaris linakakhazika ufumu ku Nicaea, mzinda womwe uja kunachitikira msonkhano waukulu wa mu 325, umene lero ukutchedwa İznik m'dziko la Turkey. Mpando wa patiriyaki nawo unasamukira komweko. Theodore II Laskaris atalowa ufumu mu 1254 anapeza mpandowo uli wopanda munthu, ndipo iye anali pachangu, akufuna wina amuveke chisoti asanapite kunkhondo. Mphunzitsi wake, Nikephoros Blemmydes, munthu wophunzira kwambiri m'nthawi imeneyo, sanautenge udindowo. Ndiye mfumu inatuma anthu kukatenga mmonke wina wosatchuka, Arsenios. Akuti m'sabata imodzi yokha anamudzoza udikoni, unsembe, mpaka upatiriyaki. Mfumu ikasankha munthu mwanjira yotere imakhala ikufuna womvera. Sindikukhulupirira kuti Theodore ankadziwa mtundu wa mutu umene anauika pampando.

Theodore anamwalira mu Ogasiti 1258, nasiya mwana wamwamuna, John IV, wa zaka 7. Anasiya George Mouzalon, bwenzi lake lopanda magazi achifumu, kuti agwirizire ufumu mpaka mwanayo atakula. Sipanathe ngakhale masabata awiri. Pamwambo wokumbukira malemu ku nyumba ya amonke ya Sosandra, asilikali analowa m'tchalitchi namupha Mouzalon pamodzi ndi abale ake. Amene anadya phindu la magazi amenewo anali mkulu wa asilikali, Michael Palaiologos. Anayamba ngati wogwirizira, posakhalitsa anakhala mfumu inzake ya mwanayo. Analumbira pamaso pa mpingo kuti sadzamuchita choipa, ndipo Arsenios anali pomwepo, mboni komanso msungi wa malumbirowo. Pa tsiku loveka zisoti mu 1259, Michael ndiye anavekedwa chisoti chenicheni, pamene mwana, mwini wake wa mpando, anatuluka ndi kamkanda ka ngale pamutu. Tonse tinaonapo wachibale amene amabwera pamaliro n'kunena kuti asunga katundu wa ana amasiye mpaka atakula. Michael anali wotero, kungoti katundu wake unali dziko lonse.

Apa mpamene ndikufuna ophunzira aime kaye, chifukwa manja amene anaveka Michael chisoti anali a Arsenios. Anaona kumene zinthu zikulowera, mtima unamuwawa, ndipo pambuyo pake anangochoka osatsanzika, nakadzitsekera m'nyumba ya amonke. Kalata yotula pansi udindo sanalembe, chifukwa chochokera sananene. Aepiskopi anamudikira, anamutumira uthenga, mpaka anatopa naika Nikephoros wa ku Ephesus m'malo mwake. Ameneyo sanakhalitse, anamwalira patangopita pafupifupi chaka chimodzi. Kenako pa 25 Julaye 1261, mkulu wa asilikali Alexios Strategopoulos analowa mu Constantinople mosayembekezereka, asilikali ambiri a adani atapita kwina ndi zombo. Patatha zaka 57 mzinda unabwerera kwa eni ake. Michael analowa pa 15 Ogasiti akuyenda pansi, chithunzi cha Amayi Maria chili patsogolo. Anaitananso Arsenios, ndipo Arsenios anavomera, namuvekanso chisoti kachiwiri mu Hagia Sophia. Ulendo uno John panalibe n'komwe. Anamusiya kutsidya kwa nyanja, ndipo patiriyaki anapitiriza mwambowo.

Pa 25 Disembala 1261, tsiku la Khirisimasi, lomwenso linali tsiku limene mwanayo ankakwanitsa zaka 11, anthu a Michael anamuchititsa khungu. Mwambo wa kumeneko unali wakuti wakhungu sangalamulire, choncho kuchotsa munthu maso kunali kumuchotsa pamzere wa ufumu popanda kutchedwa wakupha. Anakamutsekera m'linga la Dakibyze, m'mbali mwa nyanja ya Marmara.

Arsenios atamva anamudula Michael mu mpingo. Taganizani za nthawi yake. Munthu amene anangobwezeretsa kumene mzinda woyera, amene anthu ankamutcha Constantine watsopano, amene ankakonzetsa matchalitchi ogumuka, ndiye amene patiriyaki anamutsekera pa mgonero. Palibe amene angamulande Arsenios ulemu umenewu. Komabe sanapite patali kwambiri: dzina la mfumu linapitiriza kutchulidwa m'mapemphero, ndipo sanauze anthu kuti aukire.

Chimene chinatsatira ndicho chimandisowetsa tulo. Michael anapirira kwa kanthawi, kenako anayamba kupempha kuti amuuze chilango chake achite. Wolemba mbiri George Pachymeres, amene ankatumikira mu mpingo nthawi yomweyo ndipo ambiri mwa anthuwa ankawadziwa pamaso, akufotokoza kuti Arsenios sankatchula chilangocho. Ankangosonyeza kuti tchimo lalikulu limafuna mankhwala aakulu. Tsiku lina Michael anafunsa ngati akutanthauza kuti atule pansi ufumu, nayamba kumasula lupanga lake ngati akulipereka. Patiriyaki anatambasula dzanja kuti alilandire. Mfumu inalibweza msanga, ndipo pambuyo pake inkauza anthu kuti taonani, munthuyu akufuna mpando wanga. Inagwada, inagwira miyendo ya nkhalambayo, koma Arsenios analowa m'chipinda natseka chitseko.

Ndani analakwa pamenepo? Michael ankachita sewero, zimenezo n'zoonekeratu. Ankafuna chikhululukiro chimene sichimulanda kanthu, akhale ndi mgonero ndi chisoti chomwe. Ndipo n'zoona kuti wakuba amene akulapa katundu ali m'thumba sanalape. Koma inu aphunzitsi mukudziwa bwino kuposa ine kuti chilango cha mpingo chimayenera kukhala ndi khomo lobwererapo, ndipo wolangidwa ayenera kuuzidwa kumene khomolo lili. Arsenios sanalitchule. Mwina ankaopa kunena poyera kuti mfumu ichoke, chifukwa mawu amenewo akanakhala kuukira boma. Mwina ankadziwa kuti maso a mwana sangabwezedwe, ndiye palibe chilango chokwanira. Mwinanso, ndipo apa ndikungoganiza ndekha, ankalimbana ndi chikumbumtima chake, pokumbukira kuti chisoticho anachiika yekha pamutupo kawiri konse. Munthu amene anakhala chete pamene akanaletsa choipa amakonda kuuma mtima mopitirira choipacho chikachitika.

Michael atatopa anachita zimene mafumu amachita. Anasonkhanitsa sinodi. Milandu imene anamupezera Arsenios ndi yochititsa manyazi kuiwerenga: akuti anachotsa salimo lina lopempherera mfumu pa mapemphero a m'mawa, akutinso anali paubwenzi wopitirira muyeso ndi Kaykaus II, sulutani wa Aseljuk, Aturuki achisilamu, amene anathawira ku Constantinople, mpaka kulola iye ndi ana ake kuyandikira zinthu zopatulika. Za mwana wakhungu sizinali pa mndandanda. Arsenios anakana kukaonekera pa bwalo limene woitanitsa wake anali munthu wodulidwa. Anamuweruza iye kulibe, ndipo mu 1265 anamutumiza ku chilumba cha Prokonnesos. Olemba mbiri amati chuma chimene anatuluka nacho chinali ndalama zitatu zagolide zimene anazipeza pokopera masalimo ndi dzanja lake.

Anaika Germanos, amene sanathe ngakhale zaka ziwiri. Kenako anaika Joseph, mkulu wa amonke a ku phiri la Galesion, yemwenso anali bambo wauzimu wa mfumuyo, womva kulapa kwake. Pa 2 Febuluwale 1267 Michael anagwada mu Hagia Sophia wopanda chisoti, anavomera tchimo lake mokweza, ndipo Joseph ndi aepiskopi anamumasula. Anadzuka ali mfumu monga kale. John anali ku Dakibyze monga kale.

Tikamaphunzitsa za mneneri ndi mfumu timakonda Natani ndi Davide, kapena Ambrose wa ku Milan amene anakaniza Theodosius mgonero chifukwa cha anthu ophedwa ku Thessalonica mu 390, kapenanso Henry IV ataima pa chisanu ku Canossa mu 1077. Timazikonda chifukwa mfumu imagwada ndipo phunziro limatha nthawi yake belu lisanalire. Mwana amatuluka m'kalasi akuganiza kuti ukangolimba mtima, wamphamvu adzalapa. Nanga akapanda kulapa? Nanga akapeza m'busa wina womumasula, wa mpingo womwewo, wovala mkanjo womwewo? Zimenezi ndi zimene zimachitika kawirikawiri, ndipo za Arsenios ndi za mtundu umenewu.

Mpingo unang'ambika pakati. Otsatira Arsenios, ambiri mwa iwo amonke ndi anthu wamba a ku Asia Minor kumene banja la Laskaris linkakondedwa, anakana Joseph, anakana aliyense wodzozedwa ndi Joseph, anakana ngakhale kupemphera ndi munthu wolandira mgonero kwa ansembe amenewo. Mkanganowo unalowa mpaka m'nyumba ya mfumu: mlongo wake wa Michael, Martha, anali kumbali ya Arsenios. Kale mu 1262 alimi a m'mapiri a kufupi ndi Nicaea anali ataukira, atapeza mnyamata wina wakhungu amene ankati ndi John, ndipo boma linatumiza asilikali kukawathyola. Anthu amenewa ndi omwe ankalondera malire a kum'mawa. Sindikunena kuti mkangano wa mpingo wokha ndiwo unagwetsa dera limenelo, zifukwa zinalipo zambiri, misonkho ndi nkhondo za kumadzulo zomwe. Koma mu 1302 Osman, mtsogoleri wa Aturuki, anagonjetsa asilikali a mfumu ku Bapheus, ndipo mu 1331 Nicaea yeniyeniyo inagwa m'manja mwa Aturuki. Boma limene lakwiyitsa alonda ake a pachipata lisamadabwe.

Arsenios anamwalira pa chilumba paja mu 1273, osasintha maganizo. Imfa yake sinathetse kanthu. Chaka chotsatira Michael, poopa Charles wa ku Anjou, mfumu ya kumadzulo, amene ankakonzekera kudzalandanso mzindawo, anatumiza nthumwi ku msonkhano wa ku Lyon kukavomera ulamuliro wa papa. Joseph yemwe uja, amene anthu ankamuyesa wofewa, anakana mgwirizanowo nasiya mpando, ndipo analowa John Bekkos. Tsopano magulu anali atatu. Mapeto a Michael ngomvetsa chisoni: Papa Martin IV anamudula mu 1281, ndipo atamwalira mu Disembala 1282 mpingo wake womwe unamumana mwambo wa maliro woyenera mfumu. Munthu amene anagwetsa patiriyaki pofuna chikhululukiro anafa wokanidwa uku ndi uku.

Mwana wake, Andronikos II, anayesetsa kuyanjanitsa anthu. Mu 1284 anaitanitsa msonkhano ku Adramyttion, ndipo kumeneko kunachitika chinthu chimene ophunzira anu sadzachiiwala. Mbali ziwirizo zinagwirizana kuti Mulungu aweruze yekha. Aliyense analemba mfundo zake pa chikalata, ndipo Loweruka Loyera zikalata ziwirizo anaziponya pamoto, akuti chimene sichipsa ndicho choona. Moto unachita ntchito yake ya masiku onse, zonse ziwiri zinapsa. Otsatira Arsenios anagonja, analandira mgonero kwa patiriyaki Gregory wa ku Cyprus, koma kutacha ambiri anabwerera m'mbuyo. Mfumu inalola kuti mtembo wa Arsenios ubwere ku Constantinople mwaulemu, komabe sizinakwanire. Pofika apa funso silinalinso la mwana wochititsidwa khungu. Linali lakuti ndani anadzozedwa ndi ndani, dzina la ndani lichotsedwe pa mndandanda wotchulidwa paguwa, mpando wakuti ukhale wa gulu liti.

Zinatha pa 14 Seputembala 1310, pa nthawi ya patiriyaki Niphon, patadutsa zaka 45 chichotsedwere Arsenios. Mmene zinathera ndi zodabwitsa kuposa za moto zija. Anatenga mtembo wa Arsenios, munthu amene anali atamwalira zaka 37 m'mbuyomo, anauveka zovala za upatiriyaki, anaukhazika m'malo opatulika mu Hagia Sophia, naika chikalata cha chikhululukiro m'dzanja lake. Chikalatacho chinawerengedwa kwa anthu ngati kuti mwini wake ndiye akuwamasula. Ansembe anapatsidwa masiku 40 a kulapa, ndipo dzina la Joseph linachotsedwa pa mndandanda uja. Mawu amene Arsenios anakana kunena ali moyo anamunenetsa ali mtembo. Ena adzaseka, ena adzati ndi nzeru zaubusa, pakuti anthu amene anamangidwa ndi munthu mmodzi sakanakhulupirira kumasulidwa ndi wina. Ine mbali zonse ziwiri ndimazimva, ndipo ndikanakonda kumva ana a m'kalasi mwanu akukangana pa zimenezi.

Nanga John? Anakhala m'linga muja zaka zoposa makumi anayi. Mu 1290 Andronikos anapita kukamuona ndi kukapepesa pa zimene bambo ake anachita, ndipo pa anthu onse a m'nkhaniyi, ulendo umenewo ndi umene umandikhudza kwambiri, ngakhale kuti nawonso unali ndi ndale zake, popeza mfumu inkafuna kuti John aivomereze. Anamwalira cha m'ma 1305, mtendere wa mu 1310 sanauone. Mpingo unakangana m'dzina lake kwa zaka zonsezo, masinodi anakhala, amonke anamenyedwa ndi kumangidwa, mabanja anasiya kudyera pamodzi, koma mwini wake wa mlandu anakalambira m'chipinda chomwecho. Mfundo yanga yagona pamenepa. Pamene mpingo walimbana ndi wamphamvu chifukwa cha munthu wolakwiridwa, sipatenga nthawi kuti nkhani isanduke ya ulemu wa mpingo, ya mipando, ya amene ali woyera kuposa mnzake, ndipo wolakwiridwa uja amasanduka mbendera yongonyamula. M'busa wachinyamata ayenera kuiona ngozi imeneyi m'mbiri ya anthu akutali, kumene alibe mbali, asanakumane nayo pa sesoni kapena pa khonsolo ya parishi kumene aliyense ndi wachibale wa winawake.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Nthawi ndi yochepa, mabuku ndi osowa, ndipo aphunzitsi ambiri nawonso anaphunzitsidwa mbiri yothera pa 1054. Ndikuvomera. Koma nkhaniyi siifuna laibulale yaikulu. Ili ndi mboni ziwiri zosagwirizana, ndipo imeneyo ndi mphatso kwa mphunzitsi. George Akropolites, nduna yaikulu ya Michael, yemwenso anakalumbira m'malo mwa mfumu ku Lyon, akumujambula Arsenios ngati munthu wosaphunzira ndi wouma mutu. Pachymeres akulemba modekha, akuonetsa kulimba mtima kwake ndi zofooka zake zomwe. Arsenios mwini wake anasiya chikalata cha mawu ake otsiriza chodziteteza. Mwana akaika zitatuzi pamodzi aphunzira kufunsa kuti wolembayu ankadya kwa yani, luso limene lidzamuthandiza powerenga mbiri ya mamishoni athu omwe, ndi maminitsi a sinodi ya chaka chatha.

Chonde musamuphunzitse ngati woyera wopanda banga, ngakhale kuti mpingo wa Orthodox umamulemekeza monga woyera. Musamuphunzitsenso ngati nkhalamba yamakani imene inasokoneza dziko. Mupatseni ophunzira monga analili: munthu amene anavomera kawiri pamene akanakana, nakana kamodzi pamene ena onse ankavomera, ndipo kukana kwakeko kunali koona koma kopanda njira yotulukira. Muwapatsenso Joseph mwachilungamo, chifukwa munthu amene anamasula mfumu mu 1267 ndi yemweyo anataya mpando wake pokana mfumu yomweyo pa nkhani ya Lyon. Si onse okhululuka msanga amene ali ogulidwa.

Ngati mungandilole kupereka funso la mayeso, lingakhale ili: iwe ndiwe patiriyaki mu Januwale 1262, mfumu yagwada pamaso pako ikufunsa chochita, ndipo mwana ali ku Dakibyze. Lemba chilango chimene ungapereke, utchule chimene mfumu ichite, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi chimene mwanayo apindule nacho. Woyankha kuti "ndingaikhululukire" osawonjezera kanthu alephere. Woyankha kuti "sindingaikhululukire" osawonjezera kanthu alepherenso.

Mukakhala pa msonkhano wanu wokonza maphunziro a chaka chamawa, ndikupempha kuti wina mwa inu aiwerenge kalatayi pa mfundo ya zina ndi zina, ndipo ngati pali mphunzitsi amene angayese sabata imodziyo, alembe poyera mmene ophunzira ayankhira kuti ifenso akumipando tiwerenge.

Ine mwana wanu mwa Ambuye,
Mkhristu wa pa benchi la kumbuyo